Mlendo wa Miyendo Inayi

Amene adapeka mwambi wakuti mlendo sathyola mphasa ankalandira alendo a miyendo iwiri. Sindikuwanena. M'masiku awo mlendo ankafika ndi kampukutu ka mchere, kulandira madzi akumwa, kufotokoza za odwala a kwawo, kugona, tambala akalira n'kutsazika. Mphasa ankaipinda ili yonse kudikira wina. Koma tchuthi chapitachi ndaona ndi maso angawa mlendo akuthyola mphasa, osati mwangozi ayi, koma mofatsa, bango limodzilimodzi, ataipanikiza ndi miyendo yakutsogolo, uku akuyang'ana mwini nyumba m'maso ndi kugwedeza mchira.

Mlendoyo ndi galu wa mwana wa mlongo wanga, ndipo dzina lake ndi Kapuchino. Mnyamata mwini galuyu amagwira ntchito ya makompyuta mu Blantyre. Sadakwatire, ndiye chikondi chonse chimene chikadapita kwa mwana wa eni chidathera pa chinyama cha ubweya wopotana ndi makutu ogwa, chimene chimasamba ndi shampu, chili ndi mswachi wakewake, komanso kabuku ka kuchipatala kodzaza ndi zidindo.

Mu July adandiimbira foni. "Ankolo, tiyeni ku Mulanje. Tikafikire kwa agogo, tikakwereko phiri. Kapuchino akufunika mpweya wabwino." Ndidamufunsa ngati ine mpweya wabwinowo sindikuufuna. Adati nanenso ndikhoza kukapumako pang'ono.

Kale munthu wa m'tauni akati akupita kumudzi, mumadziwa kuti kwagwa zovuta, kuli chinkhoswe, kapena ufa watha m'nyumba. Tsopano kwabwera ulendo wa mtundu wina. Achinyamata akuvala nsapato zolemera, kuberekera zikwama kumsana, n'kumakayenda m'midzi ndi m'mapiri popanda kumene akupita. Ine sindikutsutsa. Dziko ndi lathu, ndipo zinkachititsa manyazi kuti njira za pa Zomba ndi pa Mulanje azizidziwa azungu ife tikungozionera pa kalendala. Vuto ndi lakuti kumudzi funso loyamba ndi "mwaloza kuti?", ndipo yankho lakuti "tikungoyenda" lili ndi eni ake atatu okha: wakuba, wodwala mutu, ndi amene akulondalonda mkazi wa mwini. Onjezanipo galu womangidwa chingwe, akutsogolera munthu wophunzira mpaka ku yunivesite, muone mmene mudzi ungakumasulireni.

Tidadzera msewu wa Midima. Galu adakhala kutsogolo atamangidwa lamba, ine kumbuyo ndi thumba la chakudya chake pamiyendo. Pa Chitakale tidagula zinanazi ndi shuga, n'kukhotera msewu wa ku Phalombe, phiri lili kudzanja lamanja, litaima pamwamba pa minda ya tiyi.

Mayi anga aang'ono adatilandira mwamwambo wonse. Adalowa m'nyumba n'kutsitsa mphasa imene imakhala pamitanda, ya alendo okhaokha, n'kuiyala pakhonde. Mdzukulu wawo adapereka moni ali chiimire, dzanja lina litakweza foni m'mwamba kusaka netiweki. Ine ndidakhala pa kampando kopinda kamene tidabwera nako, chifukwa cha msana. Kapuchino adatsika m'galimoto, kudzikutumula, kukwera pakhonde, n'kukhala pakati penipeni pa mphasa.

Amene mudakulira kumudzi mukudziwa kukula kwa mlandu umenewu. Mawu oyamba amene galu wa kumudzi amaphunzira ndi "choka!" Salowa m'nyumba, saponda mphasa, sayang'ana munthu akudya pokhapokha ali patali ndithu. Amadya mkute ukatsala, gaga akakumbukiridwa, ndi zina zimene sitilemba m'magazini. Ntchito yake ndi kuuwa usiku ndi kuperekeza anyamata kokasaka. Ngakhale dzina lake sililinso lake: ndi kalata yopita kwa anansi. Galu wa mayi aang'ono dzina lake ndi Adzatopa. Adamutcha chaka chimene ankalimbirana malire a munda ndi mayi wa nyumba yoyandikana nayo, ndipo madzulo aliwonse akamamuitana mokweza kuti adzadye, uthenga umafika kumene ukupita popanda woupereka kwa amfumu. Adzatopa adaima pafupi ndi nkhokwe, nthiti zikuwerengeka, n'kumayang'ana mnzake uja ali pamphasa. Sadauwe. Ndikuganiza kuti ankadikira kuona maliro.

Mayi aang'ono adatola chikuni.

"Agogo, musamumenye!" adakuwa mnyamata uja. "Ameneyu akakalipiridwa amadwala maganizo."

"Maganizo?" adatero mayi, chikuni chili m'mwamba. "Ali ndi ngongole kwa yani?"

Koma adachitsitsa. Ndidawaona akusinkhasinkha. Chinthu chimene chabwera pa galimoto, pampando wakutsogolo, malume ake a mwini galimoto atakhala kumbuyo, sichingakhale galu wamba. Ndipo mlendo sapirikitsidwa pamphasa. "Msiyeni akhale," adatero pomaliza. "Mlendo sathyola mphasa."

Mwina Kapuchino adamva ngati akumuderera. Adanunkhiza m'mphepete, kupeza pamene chingwe cha khonje chidamangidwa mfundo, n'kuyamba ntchito. Ife tinali pa nkhani ya mitengo ya feteleza. Pomwe tinkacheuka n'kuti ngodya imodzi itasanduka zitsotso, mabango atamwazikana pakhonde, iye ali ndi kachidutswa kukamwa, maso ali mbee kudikira kuyamikiridwa.

Anthu a m'tauni amaiona mphasa ngati chinthu chotchipa chogula pamsewu. Pitani mukaone mmene imapangidwira. Munthu amalowa m'dambo kukadula bango, miyendo ili m'matope, masamba akumucheka manja. Amaliyanika, kuling'amba, kulipala, kenaka n'kumaboola limodzilimodzi ndi chisingano chachitali, mzere ndi mzere, mpaka msana kuuma. Ndipo ikatha, moyo wonse wa pakhomo umadutsa pamenepo: ufa umayanikidwa pamphasa, mlandu umakambidwa pamphasa, ankhoswe amalangiza za kumphasa, ndipo kumene bokosi lasowa, mphasa yomweyo ndiyo imaperekeza munthu kumanda. Chimenecho ndicho chidatha m'kamwa mwa galu amene ali ndi zidole zake zotafuna, zogula ndi ndalama, zimene zinali m'galimoto.

Usiku kudabuka nkhani ya kogona. Mnyamata adati galu wake sagona panja, angalumidwe ndi nkhupakupa. Mayi adati m'nyumba mwawo simudagonepo galu chimangireni. Adagwirizana zoti agone m'galimoto, mwini wake n'kukagona naye momwemo kuti asasungulumwe. Chipinda chimene adatikonzera, chozira bwino, ndidagonamo ndekha.

M'mawa mwake tidayamba kuyendera mudzi, ndipo apa ndi pamene mbiri yathu idawonongekera. Sindikunena za ufa wa eni umene Kapuchino adathamangapo uli poyanika, ngakhale tidalipira. Sindikunenanso za nkhuku ya anapiye imene adaithamangitsa, iyo n'kutembenuka, kumujompha pamphuno mpaka kukabisala kumbuyo kwa mbuye wake ana akufa nako kuseka. Ndikunena zimene zidachitika pafupi ndi mjigo, pamaso pa amayi onse a m'mudzimo. Galu adadzithandiza. Mwana wa mlongo wanga, munthu wa digiri, adapisa m'thumba, kutulutsa kajumbo, kukavala kudzanja, kuwerama, kutola zimene galu adasiyazo, kumanga bwinobwino, n'kuzinyamula.

Mjigo udasiya kulira. Mayi wina adatula ndowa imene anali atasenza kale.

Kutauni zimenezi amati ukhondo, ndipo pamsewu wa simenti wodutsa anthu ambiri ndi zoona. Koma kumudzi palibe munthu amatola za galu ndi dzanja n'kuzisunga m'jumbo popanda chifukwa, ndipo chifukwacho chimadziwika. Lisanafike dzuwa pamutu, mudzi wonse unali utamvetsa kumene kudachokera galimoto. Adamvetsanso chifukwa chake mnyamatayu sakwatira, chifukwa chake amagona ndi galu m'galimoto, ndi chifukwa chake galuyo amadya zakezake za m'thumba losindikizidwa. Zonse zidalumikizana. Madzulo kudabwera bambo wina wachikulire amene ali ndi kagolosale kosayenda bwino. Adandikokera kuseri kwa khola, kutsitsa mawu, n'kunena kuti, "Achimwene, ine si munthu woulula zinsinsi. Ndingofuna kudziwa, zimenezi amazikwirira pakhomo pa sitolo kapena amazisakaniza ndi zina?" Ndidamuuza kuti amakazitaya kuchimbudzi. Adagwedeza mutu mwaulemu, kusonyeza kuti akumvetsa kuti chizimba sichiperekedwa ulere.

Tsiku la phiri tidalawirira ku Likhubula, kumene alendo amalembetsa ndi kupeza owalondolera njira ndi anyamata onyamula katundu. Mulanje si phiri lokwera mwamatama. Nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, ndipo anthu adasowapo m'menemo osapezekanso. Mu 2025 bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha mmene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalilemekezera kuti ndi mudzi wa mizimu. Wotilondolera adatikumbutsa lamulo limene mwana aliyense wa kuno amalidziwa: ukapeza chakudya m'phirimu, nthochi zakupsa kapena nsima yofuka nthunzi, idya wekha, osaitana anzako, osatengako kupita nacho kunyumba. Adayang'ana Kapuchino n'kunena kuti, "Koma bwanawa ndiye savutika. Lamulo limeneli agalu adabadwa nalo."

Pa Dziwe la Nkhalamba zonse zinali bwino. Madzi amagwa kuchokera pathanthwe n'kudikha m'dziwe lozizira loti mano kuguguda, makamaka mu July. Kapuchino adalumphiramo, kutuluka, kudzikutumulira pa ine, kujambulidwa zithunzi zokwana chaka chonse. Tikadabwerera pomwepo, bwenzi nkhani ino ili yaifupi. Koma mnyamata adati tipitirire njira ya Chapaluka yokwera ku Chambe, akajambule galu wake ali pamwamba pa mitambo.

Wotilondolera adachenjeza kuti chingwe chisachoke m'manja, chifukwa m'tchire la m'mbali mwa njira alenje amatchera misampha ya waya, ndipo waya sasankha gwape kapena galu wa shampu. Posakhalitsa tidakumana nawo alenjewo akutsika, ndi agalu awo owonda, a makutu ong'ambika, oyenda mwakachetechete pamzere. Agaluwo adaima n'kuyang'ana Kapuchino, amene anali atavala kajekete kofiira kotchinga mphepo. Palibe adauwa. Adangodutsa, wotsiriza n'kucheukanso kamodzi kuti atsimikize.

Njirayi ili ndi eni ake. Amayi amatsika ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo, ena opanda nsapato, pamiyala yomwe ife tinkakwawa ndi manja. Aliyense amapereka moni, aliyense amapatuka kuti mlendo adutse, ngakhale wasenza ndi iyeyo. M'mapiri a kuno mukuonekabe zipsera zimene namondwe Freddy adasiya mu March 2023, mizere yoyera pamene nthaka ndi miyala zidakokolokera kumidzi. Ndipo mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe umamera pa phiri lino lokha, anthu a macheka adautha pafupifupi wonse. Yambiri mwa mikungudza imene ilipo ndi tiana tobzala. Munthu umakwera kukafuna mpweya wabwino, n'kupeza kuti phiri nalonso lili ndi alendo ake amene adalithyolera mphasa kalekale.

Kenaka chiperoni chidatsika. Amene simudachione: kumwamba kuli mbee, mphindi zochepa nkhungu yakuta ponseponse, kamvula kowaza kayamba, thanthwe layamba kuterera, mnzako ali pafupi koma ukungomumva mawu. Ndi pamenepa pamene Kapuchino adaganiza kuti holide yatha. Mapazi ake, ozolowera matailosi a m'nyumba ndi kapinga wothirira, anali atasupuka ndi mwala. Adakhala pansi. Adamunyengerera ndi bisiketi, adadya bisiketiyo, osadzuka. Adamuyankhula m'Chingerezi, adagona chammbali.

Mnyamata wonyamula katundu, amene amathamanga nawo mpikisano wa pachaka wa onyamula katundu m'phirimu, adamuyang'ana galuyo, kumuyeza ndi maso, n'kutchula mtengo woposa wa chikwama.

"Bwanji kudula chonchi, achimwene? Kulemera kwake n'chimodzimodzi ndi chikwamachi."

"Bwana, chikwama sichinyambita khutu."

Adamukoleka pamapewa, miyendo iwiri uku iwiri uku, ngati mbuzi yopita kumsika, n'kuyamba kutsika mothamanga ife tikukhwekhwereka pambuyo. Amayi a nkhuni amene tidawapeza akupuma adafunsa ngati wafa. Atamva kuti wangotopa, mmodzi adati, "Mukafika kumusi mundiuze kumene amalembetsa ugalu."

Nkhani idasintha madzulo ake, mnyamata akupaka mankhwala mapazi a galu. Kabuku ka kuchipatala kaja kadagwa m'chikwama, mayi aang'ono n'kukatola. Kuwerenga amatha. Adaona deti la katemera wa chiwewe, chaka ndi chaka, chidindo ndi siginecha. Adakhala chete, kenaka adati, "Adzatopa chibadwireni jakisoni sakumudziwa. Ndipo amagona ndi ana pabwalo pano."

Apa ine kuseka kumandithera. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro mwa munthu, kuchira kulibe. Bungwe la WHO limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse pa dziko lonse, ambiri mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu. Ana amakhudzidwa kwambiri, chifukwa ndiwo amasewera ndi agalu ndipo akakandidwa amabisa poopa kukalipiridwa. Mankhwala ake enieni ndi kubaya agaluwo katemera. Akatswiri amati mukatemera agalu 70 mwa 100 alionse m'dera, matendawa amasowa podumphira, ndipo ndi zimene bungwe la Mission Rabies lakhala likuchita mu Blantyre kuyambira 2015. Galu akaluma munthu, chilonda chitsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka kuchipatala tsiku lomwelo, osati kwa asing'anga, osatinso kudikira kuona ngati galuyo apenge. Tikhoza kumuseka mnyamata wa mswachi wa galu mpaka nthiti kuwawa, koma m'mudzi monse muja galu amene mwana akadamugwira pakamwa popanda mantha anali mmodzi, yemwe uja wa kajekete kofiira. Ndipo pa ichi ndimupatse ulemu wake mwana wa mlongo wanga: adafunsa kumene amakhala alangizi a ziweto, kuwathirira mafuta a njinga yamoto, ndipo tisanachoke Adzatopa ndi anzake angapo adalasidwa, akulira mokweza kuti mudzi wonse udziwe kuti achitiridwa nkhanza.

Potsazika, mnyamata adatulutsa ndalama za mphasa. Mayi adakana. Adaumirira, iwo adakanitsitsa.

"Mphasa imeneyi ndidagula chaka chimene adamwalira agogo ako aamuna," adatero. "Yakhala pamitanda mpaka chiswe kuyamba kuilawa. Mukabwera inu mumakhala pa timipando tanu, madzi mumamwa a m'botolo, maso ali kuphiri. Amene wakhalapo pamphasa yanga ndi yekhayu. Nsima yanga wadya, ana wasewera nawo, nyumba iliyonse walowa. Mlekeni."

Ndiye mwina akale aja sadaname. Mlendo wa masiku ano sathyoladi mphasa, chifukwa sakhalapo. Timafika kumudzi ndi zathu zonse, chakudya, pogona, nyimbo za m'makutu, ndipo anthu timawadutsa pamwamba pa mitu kuti tijambule phiri lili kumbuyo kwawo. Mwambi uja unkanena za munthu amene wabwerera iwe, amene kudya kwake ndi kugona kwake n'kochepa poyerekeza ndi nkhani zimene wabwera nazo. Pa muyeso umenewo, pa atatu amene tidatsika m'galimoto muja, mlendo anali mmodzi, ndipo ndi amene adatafuna khonje.

Galu amatenga bere miyezi iwiri ndi masiku ochepa. Kumapeto kwa September foni idalira, mayi aang'ono. Galu wamkazi wa mayi woyandikana nawo uja, yemwe uja wa malire a munda, waswa ana asanu. Mwini wake akulengeza pamjigo kuti ndi a mlendo wa ku Blantyre, ndipo anthu ayamba kale kupereka maina kuti adzagule, poti mbewu yake ndi ya chuma. Wa golosale uja wagwiriratu awiri.

Ndidamulumikiza mnyamata pafoni pomwepo. Adaseka mpaka kutsamwa. "Agogo, sizingatheke. Kapuchino adamufula adokotala ali ndi miyezi yochepa. Kalata yake ndili nayo, ndikutumizirani chithunzi."

"Usatumize kanthu," adatero mayi. "Ukufuna umuchititse manyazi mlendo pagulu?"

Ndidafunsa kuti tianato tikufanana ndi yani.

"Mphuno, makutu, mchira, ndi Adzatopa yekhayekha. Ndi akhungu okha sangaone. Koma mayi uja zaka zonsezi samandipatsa moni, pano akubwera m'mawa uliwonse, akunditchula kuti asewere, dzulo wandibweretsera nandolo. Zikadziwika kuti bambo wake ndi Adzatopa, tibwereranso kwa amfumu. Iwe ungogula kathumba ka chakudya chija utumize pa minibasi, anthu aone kuti kuchimuna kukusamala."